Mmene mungapangire bajeti ya chakudya cha pamwezi kuti ufa usathe pa 20

Pa 28 malipiro alowa. Pa 29 pakhomo panunkhira nyama, ana akumwa tiyi wamkaka ndi buledi. Pofika pa 15 mwayamba kutuma mwana ku okala ndi mawu aja akuti "ukawauze alembe." Pa 22 mukugogoda ndowa ya ufa m'mbali kuti kotsalako katsike. Moyo umenewu ndaukhala zaka zingapo kuno ku Chitakale, m'boma la Mulanje, ndipo chimene chinkandiwawa n'chakuti bajeti ndinkalemba ndithu, mwezi uliwonse, m'kope laukhondo. Koma inkafa masabata awiri asanathe.

Ndinadzazindikira mochedwa kuti ndinkalemba makwacha okhaokha: shuga zakuti, mafuta zakuti. Kwacha sikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya m'golosale n'kusintha tikuona, kope langa n'kusanduka bodza. Chimene sichisinthasintha ndi mimba za anthu a m'nyumba mwanu. Choncho njira ndikupatsaniyi imayambira pa muyeso, zigoba zingati pa masiku angati, mtengo n'kubwera pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

- Kope limodzi la sukulu ndi cholembera. Likhale lake lokha, osati lomwe ana angang'ambemo pepala.
- Chigoba chanuchanu cha malita 5 chosaphwanyika pansi, komanso ndowa ya malita 20.
- Kapu imodzi yopungulira ufa ndi supuni imodzi ya mafuta.
- Maenvelopu asanu. Timapepala ta shuga totha ntchito tikwanira.
- Cholembera chakuda chosafufutika cholembera pa botolo ndi pa thumba.
- Ndowa kapena bokosi lotseka bwino, ngati n'kotheka la loko.

1. Sabata yoyamba, ingolembani

Musadule kalikonse. Idyani monga mwa masiku onse, koma kwacha iliyonse yopita ku chakudya ilowe m'kope tsiku lomwelo, musanagone. Mulu wa tomato, mafuta oyeza, mandasi a ana popita kusukulu, tchipisi cha pachiwaya chimene munadya mukudikira minibasi, machesi, ndalama ya kabaza yochokera kumsika. Zonse.

Chenjezo: anthu ambiri sabata imeneyi amachita manyazi ndi kope lawo lomwe, n'kuyamba kudzimana kuti manambala aoneke bwino. Mukatero mwadzinamiza, ndipo bajeti yomangidwa pa manambala amenewo idzagwa. Ine nditalemba moona mtima ndinapeza kuti mafuta oyeza ndi mandasi zinkandidyera ndalama yambiri kuposa nyemba za mwezi wonse. Ndinakhala chete kwa kanthawi.

2. Yezani zimene nyumba yanu imadya

Apa ndiye pali mutu wa nkhani, choncho musathamange.

Yambani ndi ufa. Tsiku lochokera kuchigayo, lembani deti pa thumba kapena pa ndowa. Werengani makapu amene amalowa mumphika pa nsima ya masana ndi ya madzulo, ndi a phala ngati mumaphika m'mawa. Ufawo ukatha, lembaninso deti. Tsopano mwadziwa kuti ndowa imodzi imakufikitsani masiku angati. Zigoba zinayi za malita 5 ndiye ndowa imodzi, choncho mutha kuwerengeranso kuti chigoba chimodzi ndi chakudya cha masiku angati. Nambala imeneyi muiloweze ngati ya foni yanu. Tsiku limene ndalama yavuta ndipo mukugula chimanga cha pa chigoba, mudzadziwa chimene mukugula: masiku awiri kapena atatu.

Pa nkhani ya ufa pali chisankho chimene mabanja ambiri sakonda kuchimva. Chimanga mukachikonola, kuchiviika, n'kuchigayitsa kuti chikhale ufa woyera, gawo lalikulu limapita ku madeya, ndipo kuchigayo mumalipira kawiri, pokonola ndi pogaya. Mgaiwa mumalipira kamodzi ndipo pafupifupi thumba lonse limabwerera kunyumba. Ndikudziwa, bambo ena akaona nsima ya mgaiwa nkhope imagwa ngati mwawanyoza. Kwathu tinagwirizana motere: woyera Lamlungu ndi pakabwera alendo, masiku ena onse mgaiwa kapena gramilu. Thumba limene linkatha msanga linayamba kukoka. Ngati mwakonola, madeya musawasiye kuchigayo. Ndi chakudya cha nkhuku, ndipo oweta nkhumba ndi ng'ombe za mkaka amagula.

Mafuta ophikira: gulani botolo limodzi, muligawe panayi ndi cholembera chakuda chija, mizere itatu yopingasa. Mzere umodzi ndi sabata imodzi. Aliyense wophika akuona ndi maso pamene afika. Kuthira mafuta mumphika mochokera m'botolo ndiye kumatha mafuta, chifukwa dzanja silidziwa muyeso. Thirani ndi supuni.

Shuga: paketi ya kilogalamu imodzi, lembani tsiku lotsegula ndi lotha. Mukapeza kuti yatha masiku anayi, si nyerere ayi. Chitaninso chimodzimodzi ndi mchere, sopo, masamba a tiyi ndi thumba la makala.

Chenjezo: musayeze mwezi umene ana ali ku sukulu yogonera komweko n'kuganiza kuti ndiwo muyeso wa chaka chonse. Mnyamata wa Fomu 3 akabwera pa holide, ndowa ya ufa imadziwa.

3. Pezani ndalama yeniyeni ya chakudya

Lembani zonse zimene zimalowa pamwezi. Chotsanipo zimene simungazithawe: lendi, mayunitsi a ESCOM, madzi, zofunika kusukulu, masheya a ku banki m'khonde, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, thiransipoti ya kuntchito. Yotsalayo ndiyo mugawepo ya chakudya.

Kuno kwathu pali vuto lake lapadera. Ambiri amadalira ntchito ya m'minda ya tiyi, ndipo tiyi amachuluka nthawi ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo. Nthawi imeneyo ndalama imaoneka, koma ndi nthawi yomweyonso chimanga chimakhala pamtengo wapamwamba. Chimanga chikamatsika mtengo pokolola, cha mu Epulo ndi Meyi, ntchito ya tiyi nayo imayamba kuchepa. Ndiye ngati mumapeza motere, kapena mumagulitsa nanazi, nthochi kapena kaunjika, bajeti yanu muimange pa mwezi umene mumapeza zochepa. Zoonjezera za miyezi yabwino muziika padera, zidzagule matumba a chimanga pokolola. Amene amalandira pa masabata awiri aliwonse apange bajeti ya masiku 14, njira yake ndi yomweyi.

Chenjezo: ndalama imene wina walonjeza kutumiza kuchokera ku Joni kapena ku Blantyre isalowe m'kope isanalire pafoni.

4. Igaweni m'milu

Tiyerekeze kuti yatsala K200,000. Manambala awa ndi chitsanzo chabe chosonyeza kagawidwe, inu muikemo mitengo imene mwaipeza kumsika sabata ino:

- Chimanga ndi chigayo: K60,000
- Mafuta, shuga, mchere, sopo, masamba a tiyi, machesi: K45,000
- Ndiwo zosungika, monga nyemba, nandolo, usipa, matemba, soya: K30,000
- Makala kapena nkhuni: K20,000
- Ndiwo za tsiku ndi tsiku: K31,000
- Yapadera, ya alendo, maliro ndi opempha: K14,000

Pambali pa mzere uliwonse lembani muyeso uja: chimanga ndowa zakuti, mafuta malita akuti, shuga mapaketi akuti. Mwezi wamawa mitengo ikakwera, simuyambanso kuganiza kuchokera pachiyambi. Mungoona kuti muyeso womwewo ukufuna ndalama zingati, ndipo ngati sizikukwana, mudule kuyambira pa zokoma: shuga, buledi, zakumwa. Ufa ndi nyemba zidulidwe pomalizira penipeni.

5. Auzeni a m'nyumba

Bajeti ya munthu mmodzi m'nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi siyenda. Khalani pansi ndi bambo kapena mayi a kunyumba, kope lili potsegula. Ine ndinangoti, "Bambo, taonani apa. Ndalama imene mumasiya ija imathera umu." Anawerenga okha mzere wa mandasi ndi wa fanta, osayankha kanthu, koma kuyambira tsiku limenelo funso lija lakuti "ndalama yatha bwanji kale" linasiya kumveka. Ana akuluakulu ndi aliyense amene amaphika muwaonetse kapu ya ufa ndi mizere ya pa botolo.

6. Gulani zikuluzikulu pasanathe masiku awiri

Ndalama ikagona m'thumba imapeza ntchito ina. Tsiku lolandira kapena lotsatira lake, gulani chimanga choyamba, kenako mafuta, shuga, mchere ndi sopo, kenako ndiwo zosungika. Pitani mutadya, mndandanda uli m'manja, ana atatsala kunyumba. Msika wa pakutha pa mwezi umaitana: uku nsalu, uku mapoto, uku nyama yootcha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Musanagule, zungulirani kaye msika mukufunsa mitengo kwa anthu atatu. Chimanga ndi nyemba yezetsani m'chigoba chanu. Alipo ogulitsa ena amene chigoba chawo anachimenya pansi kuti chilowe m'kati, mukachiona chodzaza bwino koma mukafika kunyumba n'kupeza chaperewera. Wokana chigoba chanu musakangane naye, ingopitani kwa wina. Pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, muone ngati mulibe chofumbwa kapena chachinyontho. Usipa ndi matemba zinunkhizeni ndi kuzipinda: zouma bwino zimathyoka, zachinyezi zimangopindika ndipo sizifika sabata yachiwiri.

Za kumene mungagule, werengerani ndi thiransipoti yomwe. Ku Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza, kumabwera mbewu zambiri kuphatikizapo zochokera ku Mozambique, ndipo a mbali ya Thyolo amadziwa kuti masamba ndi tomato kwawo ndi ku Bvumbwe ndi ku Goliati. Koma kukwera minibasi ulendo wopita ndi wobwera, kulipirira katundu, n'kutenganso kabaza, kuti mukagule zigoba ziwiri, ndi kutaya ndalama mukuganiza kuti mukupulumutsa. Ulendo wotero umapindula mukasonkherana mabanja atatu kapena anayi, n'kutuma munthu mmodzi wokhulupirika. Chimodzimodzi ndi chigubu cha mafuta cha malita 20 kapena belo la shuga la ku holoselo: gulani pagulu, mugawane tsiku lomwelo aliyense akuona.

Ngati ndalama ili ku Airtel Money kapena ku Mpamba, kumbukirani kuti kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake. Kutapa pang'onopang'ono kakhumi pamwezi kumadya ndalama ya ndiwo. Tapani kamodzi kapena kawiri.

Chenjezo: musagule zowola msanga zambiri chifukwa choti zatchipa. Dengu la tomato wakupsa m'nyumba yopanda firiji ndi ndalama yotaya kudzala.

7. Ndalama ya ndiwo ilowe m'maenvelopu

Apa ndi pamene bajeti zambiri zimafera, chifukwa ndalama ya ndiwo imatuluka pang'onopang'ono, osamveka kuwawa. Pa chitsanzo chathu chija, K31,000 igaweni motere: maenvelopu anayi a K7,000 iliyonse, ndi yachisanu ya K3,000. Bwanji yachisanu? Masabata anayi ndi masiku 28 okha, pamene mwezi uli ndi 30 kapena 31. Masiku awiri kapena atatu amasiyewo ndi amene amatumiza anthu kukakongola. Ndipo malipiro akachedwa, envelopu imeneyi ndiyo imagwira nyumba.

Lamulo lake ndi limodzi: envelopu ya sabata yamawa sitsegulidwa lero. Ya sabata ino ikatha Lachinayi, ndiye kuti mpaka Lamlungu ndiwo ndi nyemba ndi nandolo wa m'ndowa, ndi chigwada cha kuseri kwa nyumba. Palibe amene amafa nazo. Yotsala pakutha pa sabata isamukire ku envelopu yachisanu.

Kuti ndalamayi ikwane, tsatirani nyengo. Ife a ku Mulanje ndi Thyolo Mulungu anatikondera pa zipatso ndi masamba, kungoti timazipeputsa chifukwa zili pakhomo. Nthawi ya mvula tomato amakwera mtengo, koma nkhwani, bonongwe, chisoso ndi kholowa zimangomera, zina osadzala n'komwe. Nsinjiro zimakometsa masamba popanda tomato kapena mafuta. Mvula ikamatha futsani nkhwani ndi khwanya, muyanike, musunge mfutso wa m'chilimwe. Nyengo ya mbatata ndi chinangwa, buledi achoke pa mndandanda wa kadzutsa. Nyengo ya mapeyala, majarini n'ngwachiyani? Nandolo akayamba kuuma m'minda gulani wokwanira miyezi ingapo, osadikira kuti mavenda amutengere ku Limbe n'kudzakugulitsani modula. Makaka, chinangwa choumitsa chija, nawo ndi othandiza: ufa wake mukasakaniza pang'ono ndi wa chimanga, ndowa imatalika. Kalongonda, mtundu wa nyemba uja, ndi wathu ndipo amakhutitsa, koma amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, choncho ngati mumagula makala muwerengere ndi moto womwe.

A zaumoyo amatiuza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Musaone ngati ndi nkhani ya anthu olemera. Nsima, nyemba, kausipa, mpiru, nthochi ndi peyala, magulu onse akwana. Bajeti yodula mpaka ana kumadya nsima ndi masamba okhaokha mwezi wonse idzakubwezerani ku chipatala. Dzira, usipa kapena matemba zizioneka kangapo pa sabata, makamaka kwa ana aang'ono ndi mayi woyembekezera.

8. Sungani bwino zimene mwagula

Dera lathu ndi lachinyontho, ndipo chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi ngakhale zovala siziuma. Chimanga chosauma bwino chimachita chuku, ndipo chachuku n'choopsa kudya. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani chimanga pang'ono m'botolo lagalasi louma, thiranimo mchere wouma, tsekani, khutchumulani, n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chiyanikeninso.

Chouma bwinocho thirani mankhwala oteteza ku anankafumbwe monga Actellic, motsatira muyeso wolembedwa pa paketi, kapena sungani m'matumba a PICS amene safuna mankhwala bola mumange bwino thumba lililonse la m'kati kuti mpweya usalowe. Matumba akhale pa matabwa, osagunda pansi kapena khoma. Nyemba ndi nandolo zisungidwe m'ndowa yotseka. Usipa muziuyanikako padzuwa pakapita masiku. Sopo wamtanda muduleni tizidutswa, tiume, amatha pang'onopang'ono kusiyana ndi wofewa.

Shuga wa mwezi wonse asakhale poyera. Tulutsani wa sabata imodzi, wotsalayo mumutsekere. Anthu akaona zambiri amathira zambiri, ndi mmene tilili tonse.

9. Alendo, maliro ndi opempha

Bajeti imene ilibe malo a mlendo si ya ku Malawi kuno. Apongozi akafika kuchokera kumudzi simungawaonetse kope. Maliro akagwa m'mudzi pamafunika mbale ya ufa ndi kandalama ka chipepeso. Mnansi akabwera ndi kambale kuti "amayi, ndigawireniko kamchere," mawa ndi inu. Yapadera ija, K14,000 pa chitsanzo chathu, ntchito yake ndi imeneyi, ndipo ine ndimapatulanso chigoba chimodzi cha ufa pa chifukwa chomwechi.

Chovuta ndi pamene yapaderayo yatha koma opempha akubwerabe. Phunzirani kunena mwaulemu kuti, "Alamu, mwezi uno zandithina, tionane ukatha." Zimawawa ulendo woyamba wokha. Ngati mwezi wadutsa popanda chogwa, ndalamayo musaidye. Ikhale poyambira thumba la chimanga cha nthawi ya njala, Januwale mpaka Malichi.

10. Lamlungu madzulo, mphindi khumi

Tsegulani kope, yang'anani ndowa ya ufa, mzere wa pa botolo ndi envelopu. Ngati mafuta adutsa mzere, sabata ikubwerayi muphike zotendera ndi zowiritsa. Pakutha pa mwezi lembani chimene chinatha msanga ndi chimene chinatsala, mukonze muyeso. Mwezi woyamba simudzalondola, wachiwirinso mwina ayi. Wanga unayamba kukhazikika pa mwezi wachitatu.

Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kukongola ku okala. Iyi ndiyo inandizunza kwambiri. Mwini okala wina wa pafupi ndi kwathu anali munthu wokoma pakamwa: "Mayi, tengani, mudzalipira pakutha pa mwezi." Ndinkatenga, ana nawo ankatenga m'dzina langa. Tsiku lolipira anatulutsa kope lake, ine ndilibe langa loti ndifananitse, ndipo ndalama imene anatchula inali pafupifupi theka la ya chakudya. Mwezi watsopano unayamba uli wolumala kale, ndipo pofika pa 12 ndinali nditabwereranso komweko. Ngati muli m'goli limeneli, simungalidule tsiku limodzi. Lekani kutenga zatsopano, gwirizanani kubweza pang'onopang'ono miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ana muwaletse kutenga kanthu popanda ndalama m'manja.

Kutenga katapila kapena ngongole ya ku banki m'khonde kuti mugule ndiwo. Chakudya chimatha lero, chiwongoladzanja chimatsala.

Kugula zoyeza tsiku ndi tsiku pamene ndalama ya botolo inalipo. Timapaketi ta ufa, ta shuga ndi ta mafuta timaoneka totchipa, koma mukaphatikiza masiku 30 mupeza mwalipira zambiri. N'zothandiza kwa amene amapeza ya tsiku ndi tsiku ndipo alibe kuchitira mwina. Wolandira pamwezi alibe chifukwa.

Kugulitsa chimanga chonse pokolola. Mavenda amafika ndi masikelo mu Meyi mtengo uli pansi, ndipo chimanga chomwecho mudzachigula modula mu Febuluwale. Werengani kaye ndowa za banja lanu za miyezi 12 pogwiritsa ntchito muyeso wa pa nambala 2, chotsalacho ndicho chogulitsa.

Kuiwala moto ndi chigayo. Anthu amalemba nyemba koma osalemba makala ophikira nyembazo. Ziviikeni usiku, m'mawa zipsa msanga, ndipo phikani za masiku awiri pa moto umodzi.

Kuphika nsima yoposa anthu. Mitanda iwiri yotsala madzulo aliwonse, pakutha pa mwezi ndi chigoba chathunthu. Mkute ndi kadzutsa wabwino ukatenthetsedwa mokwanira, koma ngati ukumathera kwa agalu, chotsani theka la kapu pa muyeso wa madzulo.

Kusangalala mopyola pa tsiku la malipiro. Nyama idyedwe, inde, anthu agwira ntchito mwezi wonse. Koma ilembedwe m'kope, ndipo kilogalamu imodziyo muigawe pawiri: theka lero, theka muwambe kapena musungitse mufiriji kwa mnansi, lidzatuluke cha pa 18 pamene nyumba yonse yatopa ndi nyemba.